Chikwama Chimene Unati Nditaye

Yusufu, amuna anga,

Mtendere ukhale nawe, ngakhale sukundipatsa mtendere masiku ano. Ndakhala kuseri kuno komwe timayanika zovala, chifukwa m'nyumbamo mwadzaza makatoni ako. Swala ya Asiri, ya kumadzulo ija, ndaswali kale. Iwe wapita kukameta kwa bambo wachisomali uja wa pamsewu waukulu. Mphepo yayamba kukankha malata, ndipo phiri lafunda nsalu yake yoyera ya mitambo, ikungotsetsereka osafika pansi. Mawa m'mawa ukukwera basi ya ku Karoo, kudera louma lakutali lija, kukayamba uphunzitsi, ndipo ine ndili ndi mawu. Ndikanakuuza pakamwa, koma ndikangoyamba umati, "Ndamva, Anganga," maso ali pa foni. Pepala sungaliyankhe choncho. Zilembo zangazi ndi za munthu wa sitandade 3. Uziwerenge ngati mdzukulu, cholembera chofiira chija usatulutse.

Nkhani yake ndi ya chikwama chako cha kiriketi. Tsiku lija unachikoka pansi pa bedi, fumbi lili mbuu, nkuchiika pakhomo. Unati, "Anganga, akadutsa a ngolo ya hatchi otola zitsulo aja, muwapatse." Ndinakufunsa kuti nanga kusukuluko ukagwiritsa chiyani. Unati, "Kumeneko palibe adzadziwe kuti ndinasewerapo. Ndikukaphunzitsa masamu, basi." Unalankhula motsitsa mawu ngati uli pamaliro. Sindinakuyankhe, ndipo ukundidziwa, kukhala chete si matenda anga. Yankho lake ndi lino. Sindikufuna kuti ukafike kumeneko utabisa theka la moyo wako ngati chinthu chakuba.

Ndiyambe ndi momwe ndinathamangitsira a Davids, aphunzitsi ako a ku pulayimale. Unali kamwana kouma, mawondo otuwa. Amayi ako, Patuma wanga, anali atatisiya kale, ndipo ine ndinali kukolopa nyumba za anthu ku Parklands kuti tidye. Loweruka lina ndinaona bambo wamtali wa chisoti choyera ataima pageti pathu pano ku Maitland. Mtima unandiuza kuti waswa windo. Iwo anati, "Mama, mwana wanuyu ndamuona akuponya mpira pa chigubu cha zinyalala. Sakuphonya. Mundibwereke masana." Ndinafunsa kuti masewera ake ndi otani. Atatchula zovala zoyera, ndinaseka. Ndinati, "Zoyera? Mwana uyu? Azichapa ndinu? Ine sabata yonse ndimachapa zoyera za eni ake, Loweruka ndiyambenso zanu?" Ndinatseka geti iwo ali chiyimire. Loweruka linalo anabweranso. Linalo anabweranso, atatenga makusista, timandasi totsekemera ta kuno, m'kapepala, nkukhala pa kreti ija osaitanidwa. Ndinawapatsa tiyi wopanda shuga dala, anamwa mpaka pansi, nkuti, "Tiyi wabwino, Mama." Ndinagonja ndi manyazi.

Yusufu, kumene ukupitako ukapeza agogo onga ine, ambiri. Akakutsekera geti. Usakawatenge ngati adani. Ndi anthu otopa, ndipo amaopa kuti wabwera kudzaonetsa mwana wawo chinthu chokoma chimene mawa adzalandidwe. Ukabwerenso Loweruka linalo. Ukamwe tiyi wawo.

Tsiku loyamba kukuonera ukusewera sindidzaliiwala, ngakhale ndinachita manyazi. Unali utakula, uli ku sekondale. Ndinakwera sitima, kenako takisi, ndinatsika pamalo pomwe mitengo yake ndi yaikulu ngati yosadzalidwa ndi munthu. Nditalowa pageti ndinangoima. Udzu wobiriwira, wosalala ngati wosita, phiri lili pafupi ngati ungaligwire, ndiye anthu ovala zoyera atabalalika pamenepo, akuyenda pang'onopang'ono, opanda phokoso. Ndinakumbuka zithunzi za anthu a ku Haji zimene a shehe akwathu ankapachika pakhoma. Ndinati m'mtima, kodi ndafa? Nanga bwanji mapazi akupwetekabe? Ndinakhala pa udzu. Kunali kafungo ka udzu wotchetcha kumene, ndi kulira kwa mpira ukagunda thabwa, kokhala ngati munthu akugogoda pakhomo lakutali. Kenako unatuluka iwe, zomanga m'miyendo zija zikukulepheretsa kuyenda, thabwa lako lomenyera lija mumati bati lili m'manja. Mpira unabwera, timitengo ta kumbuyo kwako tinauluka, anyamata onse analumpha nkumakumbatirana. Ine ndinadzuka, nkuimba nthungululu yeniyeni ya ku Machinga, mpaka nkhunda zinathawa padenga. Mayi wina wachizungu anandigwira mkono nati, "Gogo, mwana wanuyo watuluka. Akusangalalawo ndi adani ake." Iwe unadutsa pafupi nane mutu uli pansi, makutu ako akuoneka kuti akutentha.

Kenako, nkhondo ili pakati, onse anasiya nkupita kukamwa tiyi. Adani ndi adani, tebulo limodzi, akupatsirana masikono. Ine zimenezo mpaka lero zimandidabwitsa. Koma atabwerera, mpira anakupatsa iwe. Ndinakuona ukuyenda kutali, ukupukuta mpira pa thalauza, nkutembenuka. Unayamba kuthamanga. Yusufu, sunkathamanga ngati munthu wothawa kapena wothamangitsa. Unkathamanga ngati madzi akutsika pa thanthwe. Phokoso lonse linandithera m'makutu. Ndinaona mkono wako ukuzungulira, ndipo mnyamata wa thabwa uja anamenya mphepo, timitengo ta kumbuyo kwake nkuuluka. Nthawi imeneyo sindinaimbe nthungululu, ndinadikira kaye ndione mbali. Mayi uja ndi amene anandigunyuza nati, "Tsopano, Gogo, tsopano."

Ndiye ukalakwitsa pamaso pa ana, ndipo udzalakwitsa, usathawe m'kalasi. Ine ndinakhalabe pa udzu paja tsiku lonse anthu akundiseka, ndipo madzulo ake onse ankandidziwa dzina.

Za polishi ukuzikumbuka, koma undilole ndizinene, chifukwa iwe umakumbuka kuseka kokha. Unali utayamba ku yunivesite, komwe anakutenga chifukwa cha mkono wako ndi mutu wako. Unasiya mpira wako wofiira patebulo. Ndinauyang'ana ndinamva chisoni. Mbali ina ukuwala, mbali ina wakhakhala ngati chidendene changa. Ndinati, ana awa, ntchito kuigwira theka. Munthu amene wakolopa nyumba za Parklands zaka zonsezi sangaone chinthu chotero nkugona tulo. Ndinatenga polishi wofiira wa pakhonde ndi kansanza, ndinaupukuta mbali zonse mpaka ndinadziona nkhope. Ndinauika pa kambale kuti ukalowa uuone. Unalowa, unautembenuza, unatsegula pakamwa, kenako unakhala pansi nkuseka mpaka misozi. Ndinakwiya. Ndinati, "Ukuseka chiyani, mwana wopanda mwambo? Ukadzakwatira udzaone ngati mkazi wako adzakupukutire mpira."

Zimene unachita pambuyo pake ndi zimene ndikufuna uzimve. Unandigwira dzanja nkunditulutsa kuno kuseri. Unatenga mpira wina m'chikwama muja, unati, "Anganga, gwirani apa. Kwasalala eti? Tsopano apa." Unandiuza kuti mumapukuta mbali imodzi dala, inayo mumaisiya, kuti mphepo izitsetsereka mbali yosalalayo nkumakodwa mbali yokhakhalayo, mpira nkukhota uli m'mwamba. Ndinati ukunama, mpira ulibe chiwongolero. Unandiimika pafupi ndi chingwe choyanikira, nkuponya pang'ono pakhoma mpira wanga wa polishi uja. Unapita molunjika ngati mwana womvera. Kenako unaponya winawo. Mwina anali maso anga, mwina inali mphepo ya tsiku limenelo, koma ndinauona ukubwera kwa ine, kenako nkusintha maganizo. Unandiponyetsa nanenso, ndinagwetsa thawulo la Mai Tendai a nyumba yoyandikana nayo. Ndinalowa m'nyumba ndikudziwa chinthu chimene m'mawa sindinkachidziwa, ndipo sunandichititse manyazi ngakhale pang'ono. Tsiku limenelo, Yusufu, msana wako usanayambe kuvuta, ine ndinaona mphunzitsi. Ndiye usamandiuze kuti uphunzitsi ndi malo amene unagwera. Unali momwemo kale.

Za msanawo sindinena zambiri. Tonse tinalipo. Dokotala anaonetsa chithunzi chakuda chija pa magetsi, naloza kamzere kakang'ono ngati tsitsi pa fupa. Unapuma, unabwerera, kanayambanso. Unapumanso, unabwereranso, mpaka tsiku lija unabwera masana nkukankhira chikwama pansi pa bedi ndi phazi. Apa pakamwa panga panali ndi mbali yake. Ndinali nditauza azimayi onse a kumzikiti kuti mdzukulu wanga adzaoneka pa TV atavala zobiriwira za dziko lino. Ndinauza a m'takisi, ndinauza madamu a ku Parklands, ndinauza ndi ogulitsa nsomba omwe. Ukamadutsa ankakufunsa kuti, "Nanga liti?" Ndinaona mapewa ako akutsika mwezi ndi mwezi. Tsopano ndamva kwa Mai Tendai kuti unawauza kuti unandichititsa manyazi. Iwe, mutu wako wa masamuwo uli bwino? Tsiku lomwe unavala mkanjo wakuda nkulandira pepala lako la uphunzitsi, ine ndinaimba nthungululu mu holo ya azungu, ndipo nthawi imeneyo sindinalakwitse mbali. TV ndinaifuna ndine kuti ndikanyadire kumzikiti. Iwe unkangofuna kuponya mpira. Usasenze katundu wa pakamwa panga. Ana a eni akenso usakawalonjezere dziko lonse pamaso pa anthu. Mwana akaponya bwino, ukamuuze kuti waponya bwino lero. Za mawa uzisiyire Mulungu.

Pali china chimene sukuchidziwa, chifukwa sindinauzepo munthu kuno. Ine kwathu ndinali woumba mbiya. Osati wongoyeserera. Azimayi ankachokera midzi ina kudzadikira mitsuko yanga isanazizire nkomwe. Dongo ndinkakumba ndekha m'mphepete mwa kamtsinje kuseri kwa mudzi wathu, pomwe linali lakuda, lozizira, lonunkhira ngati mvula yoyamba. Ndinkaliponda, kulichotsa timiyala, kuliumba ndikuzungulira chammbuyo, kusalaza ndi chitsononkho, kenako ndi mwala wosalala umene anandisiyira amayi anga. Mtsuko wanga ukaugogoda ndi chala unkayankha. Amayi ako atandiitana kuno kuti ndidzakulere, ndinaona nyumba za magalasi, ndinati, za matope zija kuno azikandiseka nazo. Ndinatseka pakamwa. Madamu ena a ku Parklands anagula mphika wadongo kumsika wa alendo, wopendama, wa milomo yokhuthala, nkuuika pa shelefu ngati mfumu. Ndinaupukuta fumbi zaka ndi zaka, ndikuutukwana chamumtima, osanena kanthu. Ndinkati luso lili m'manja, silipita kulikonse, lidikira.

Silinadikire. Chaka china azimayi a ku Gugulethu anatiitana ku holo kumene munthu wina ankaphunzitsa zoumba. Ndinapita mwamatama, ndikuti lero aona. Anandipatsa dongo. Ndinaligwira, ndinadikira kuti manja ayambe okha ngati kale. Anangokhala. Zala zinali zitazolowera mopu. Chimene ndinaumba tsiku limenelo ngakhale nkhuku sikanamwera. Mtsikana wophunzitsayo anati, "Mwayesetsa, Gogo, poti nkoyamba." Ndinavomera kuti nkoyamba. M'takisi pobwerera ndinayang'ana pawindo njira yonse.

Mpaka pano ndikawodzera masana m'basi, ndimapezeka ku kamtsinje kaja. Madzi ali m'miyendo, dongo lili m'manja, mtsuko ukukwera wokha pakati pa zala zanga, ukukwera, mpaka kundipitirira msinkhu. Nthawi zina Patuma amakhala pamtunda, ali kamtsikana, akundiyang'ana. Masiku ano malotowo asokonekera. Tsidya la mtsinjewo kumakhala udzu wobiriwira uja, ndi anthu a zoyera, ndipo iwe ukuthamanga osamveka mapazi. Ndimadzuka basi itandipitiriza siteji.

Wamva, Yusufu? Palibe anandilanda. Ndinabisa ndekha, ndipo palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene ndinamuphunzitsa. Amayi ako anafa osadziwa kusankha dongo. Iwe msana unakuletsa kuthamanga, koma sunakuletse kugwira dzanja la mwana nkumuika zala pa msoko wa mpira. Ukabisa zaka zochepa chabe, udzapeza zala zako zazolowera choko basi, ndipo udzasanduka mphunzitsi wa nkhope yowawa, wotseka mawindo ana akamasewera panja. Ndinawaona otere. Amakalipira mwana chifukwa choti akuseka.

Tsopano zina ndi zina, ndisanaiwale. Kumeneko akuti masana kumatentha ngati m'uvuni, usiku wa m'nyengo yozizira madzi amaundana m'mpopi. Bulangeti lolemera lija ndaika m'katoni ya mabuku, usalitulutse kuti ndi lachikale. Mzikiti mwina sukaupeza pafupi. Mkeka uli nawo, dzuwa limatuluka kulikonse, ukafunse komwe kuli chibula, mbali yoyang'ana poswali, tsiku loyamba lomwe. Nyama ya nkhosa akuti ndi yambiri, ufunse wachinja ndani, ngati waipha mwa Chisilamu, koma ufunse mwaulemu, osati ngati wapolisi. Mwana wa munthu usamumenye, ngakhale akuyankhe zotani. Ine ndinakumenyapo ndi silipasi, taona, sizinathandize, ndiwe wamakani mpaka lero. Chilankhulo chawo uchiphunzire bwino, uziwapatsa moni agogo awo m'chilankhulo chawo, koma ukandiimbira foni Chingerezi uchisiye pakhomo. Uziimba Lachisanu ukachoka kuntchito. Ukapeza mkazi, ubwere naye ndimuone maso ndisanafe. Mkazi wamkulu ndine, ameneyo adziwiretu.

Usadere nkhawa za ine. Mai Tendai ali pompa, ndipo timakangana mokwanira kuti tonse tikhale ndi moyo.

Tibwerere ku chikwama. Dzana unayang'ana pakhomo, nkundifunsa kuti, "Chapita?" Ndinati, "Chapita." Sindinaname, ine sindinama mwezi uno wapaulendo. Koma a ngolo ya hatchi sanachione. Anachitenga ndi a Bwanali, akwathu aja oyendetsa thiraki ya ku Joni, amene msewu wawo umadutsa m'tauni yakoyo. Tinachinyamula awiri ndi Mai Tendai mpaka pakona, akudandaula njira yonse kuti, "Amai, muli mtembo kodi muno?" Ndinayamba ndachitsegula. Zomanga m'miyendo ndinazichapa, zinali zitachita nkhungu. Bati ndinangolipukuta ndi nsalu youma. Mipira sindinaikhudze, ndinaphunzira.

Kenako Mai Tendai anaimba foni kusukulu kwako, nambala anaipeza okha pa foni yawo. Iwo amalankhula, ine ndili pambali kuwauza zonena. Anayankha ndi ahedi ako, mayi wa mawu okhuthala. Tinawauza kuti kukubwera katundu wa mphunzitsi watsopano, ndipo kuti mphunzitsiyo anaponyera mpira yunivesite. Ahediwo anati kuseri kwa sukulu kuli bwalo, koma mukudya nkhosa za aneba, chifukwa amene ankaphunzitsa masewerawo anapuma kalekale. Anati ana amasewera pamsewu ndi thabwa la bedi ndi mpira wa tenesi wokulunga tepi. Anafunsa kuti, "Bwanji iyeyo sanalembe zimenezi pofunsira ntchito?" Ndinauza Mai Tendai kuti awauze kuti ndi wamanyazi ngati agogo ake aamuna.

Dzulo a Bwanali anaimba. Chikwama chinafika. Akuti pochitsitsa, ana amene ankasewera pageti anachizungulira, wina anasuzumira pa zipi, nkuthamanga msewu wonse akukuwa. Pomwe a Bwanali amadzutsa thiraki, nkhosa zinali zikuthamangitsidwa pabwalo.

Ndikudziwa kuti ndakulowerera. Ndiwe bambo tsopano, ndipo ndachita zimene unandiletsa. Nchifukwa chake kalatayi sindikupatsa lero. Ndiiika m'thumba la jekete lako, uipeze basi itadutsa kale mapiri, poti pamenepo sungatsike kudzandikalipira. Mwina Lachisanu lino suimba. Mwina linalonso. Ndazilingalira zimenezo, ndipo zandiwawa kale, koma ndasankha kuti undikwiyire uli ndi mpira m'manja kusiyana nkuti uzindikonda manja ali m'thumba.

Ukafika, chikwamacho ndi chako. Ukhoza kuchikankhiranso pansi pa bedi, ine kumeneko kulibe. Koma uyambe wadutsa pakati pa anawo, uwayang'ane kumaso, uwauze wekha kuti sunasewerepo. Ine ndakulera, ndikudziwa zimene ungathe ndi zimene sungathe.

Ndamva geti, wabwera. Akumetanso moipa, ndikuona kuchokera pano.

Mulungu akutsogolere pamsewu, akusungire msana wako, akupatse ana omvera pang'ono kuposa iwe.

Ndine anganga ako,
Abiti Saidi